Tibwezereni Tong Po wathu

Sabata ino tiyeni tipumeko pang'ono pa ndakatulo ndi mabuku, tikambe za mafilimu. Musanyoze, filimu nayonso imayamba ndi munthu amene wakhala pansi n'kugwira cholembera.

Kodi munayamba mwapita kwa anyamata obena mafilimu, n'kupereka memore khadi yanu, n'kutchula dzina la filimu imene munkaikonda muli mwana, kenako kufika kunyumba n'kupeza kuti dzina ndi lomwelo koma anthu ake ndi ena? Ngati zinakuchitikiraniko, mukukadziwa kale kamkwiyo kamene ndikufuna kukamba. Sikafanana ndi mkwiyo wa mtengo wa feteleza kapena wa shuga, n'kakang'ono ndithu. Koma kamakhala pakhosi ngati munga wa makumba, umeza malovu kasanu konse koma kali pomwepo.

Inu amene munakula m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 simukufunika kuuzidwa kuti Van Damme ndi ndani. Kwathu kuno ku Phalombe, kaya ndi pa Migowi kapena pa Chiringa, vidiyo sho kanali kanyumba kamdima, mabenchi a matabwa osapala, sikirini imodzi yokwezedwa pa tebulo, deki pansi pake, jenereta ikulira kuseri. Panja bolodi lolembedwa ndi choko, ndi sipika yoyang'ana kumsewu kuti amene alibe ndalama amve zibakera zokha, mtima uzimupweteka. Ife atsikana ankatiletsa, ati kumeneko n'kwa anyamata osamva. Tinkalowabe Loweruka masana, titabisala kumbuyo kwa achimwene athu. Fungo la mkatimo, thukuta kusakanikirana ndi utsi wa jenereta ndi makoko a nzimbe, mpaka lero ndikhoza kulizindikira nditatsinzina.

Chingerezi cha m'mafilimu sitinkachimva, tisanamizane. Ngakhale amene anali ku sekondale ankangogwira mawu awiri atatu n'kumatinamiza enafe kuti amva zonse. Koma Kickboxer ya 1989 sinkafuna Chingerezi. Anyamata awiri apachibale apita ku Thailand. Wamkulu ndi katswiri wa nkhonya, wodzikuza. Wamng'ono, yemwe ndi Van Damme, akupita kukafuna madzi oundana, n'kusuzumira m'chipinda china, n'kuona chimunthu cha mutu wometa, tsitsi lolukidwa limodzi lalitali kumbuyo, chikumenya chipilala cha simenti ndi mwendo mpaka fumbi kumayoyoka kudenga. Ameneyo ndiye Tong Po. Pamenepo vidiyo sho yonse inkakhala zii. Palibe ankafunsa mnzake kuti akuti chiyani. Tonse tinkadziwa kuti achimwene akewo akalowa mu ring'i satulukamo bwino, ndipo anatulukadi atathyoledwa msana, moyo wawo wonse pa njinga ya olumala.

Zotsatira zake mukuzikumbuka. Kamdala kaja kakumudzi kamene kanamuphunzitsa, kumumangirira miyendo ndi zingwe n'kumakoka, kumuuza kuti amenye mtengo ndi msongolo mpaka ugwe. Kuvina kuja mu bala ataledzera, kumene mnyamata aliyense wa kusukulu kwathu ankayeserera pa buleki. Ndi nkhondo yomaliza, manja atakulungidwa n'kuviikidwa m'magalasi osweka. Tinkadziwa kuti ekita safa, komabe tinkagwira benchi ndi manja awiri.

Ndiye mu 2016 anaipanganso, n'kuitcha Kickboxer: Vengeance. Amene ali pamalo pa Van Damme ndi mnyamata wina dzina lake Alain Moussi. Van Damme mwini alimo, koma tsopano ndiye mphunzitsi, wavala chipewa ndi magalasi akuda ngati munthu amene wangodutsa kudzapereka moni. Tong Po ndi Dave Bautista, Batista uja wa resiling'i. Pano ndiye pamene ine mtima unandithawa. Batista ndi chimunthu, sindikukana, koma timamudziwa. Tamuona zaka ndi zaka akumenyana ndi Undertaker ndi John Cena, akupambana, akugonja. Munthu amene umamudziwa sumuopa chimodzimodzi. Tong Po woyamba uja sitinkadziwa kuti anachokera kuti, amadya chiyani, amayankhula kapena ayi. Anali ngati chinthu chotuluka m'phiri la Michesi usiku.

Anasinthanso chinthu china chimene kwa ine ndicho chinali mtima wa nkhani yonse. Mu yatsopanoyi mchimwene uja amaphedwa. Mu yakale anakhala ndi moyo, wolumala, akuona mng'ono wake akuphunzira. Inu amene munasamalirapo wodwala pakhomo mukudziwa kusiyana kwake. Maliro timalira, timaika, timasesa, moyo n'kupitirira. Koma m'bale wako amene dzulo anali ngwazi, lero ukumunyamula kupita naye kubafa, ameneyo ndi bala losapola, umaliona m'mawa uliwonse. Mkwiyo wa Van Damme tinkaumvetsa chifukwa m'midzi mwathu anthu otere tinali nawo. Olemba yatsopano anaona ngati imfa ndiyo yowawa kwambiri, n'kuchotsa chimene chinkatigwira.

Chodabwitsa n'choti kumapeto kwenikweni, pamene mayina akudutsa, amaonetsa mnyamata watsopanoyo akuvina kavinidwe kaja, pambali ataika chithunzi chakale cha Van Damme akuvina. Eni ake akuchita kutikumbutsa okha kuti onani, yabwino ija inali iyi.

Ine ntchito yanga ndi kaunjika, ndiye nkhani ya dzina ndi katundu ndimaidziwa bwino. Ukatsegula belo, umapeza jinzi yakale, yotuwa m'mawondo, koma nsalu yake yolimba, yoti munthu avala zaka zisanu. Pa benchi ya mnzako pali jinzi yatsopano, yonyezimira, lebulo yake yomweyo, koma kuichapa kawiri yayamba kale kufumuka. Kasitomala wochenjera sayang'ana lebulo, amagwira nsalu ndi zala, amatembenuza kuona msoko. Vuto la filimu n'loti sungaigwire ndi zala usanagule. Umagula dzina basi. Ndipo opanga mafilimu amadziwa zimenezi kuposa ife.

Musaganize kuti amapanganso mafilimu akale chifukwa nzeru zawathera. Ndi nkhani ya mpamba. Filimu yaikulu imadya ndalama zoti boma lathu likhoza kumangira zipatala zingapo, ndiye amene akuika ndalamazo safuna kutchova juga. Nkhani yatsopano uyenera kuyamba kuuza anthu kuti ndi ya chiyani, ekita ndi ndani, bwanji aionere. Nkhani yakale anthu amabwera okha, ena atagwira ana awo pamkono kuti akaone zimene iwo anaona. Ngakhale ife okwiyafe timaionera, kuti tikapeze chonena. Ndalama ya munthu wokwiya ndi ya munthu wosangalala ikalowa m'thumba imafanana. Inenso ndikadziwa kuti madiresi a mtundu wakuti anayenda malonda mwezi watha, ndikapita kukaoda ku Limbe sindikayesa zachilendo. Ndiye ndimawamvetsa. Kuwamvetsako sikuchotsa munga uja pakhosi.

Taonani The Lion King. Ya katuni inatuluka mu 1994, yatsopano mu 2019, ndipo yatsopanoyi inapanga ndalama zoposa madola 1.6 biliyoni. Inde, biliyoni, ya madola. Nyama zake anazipanga pa kompyuta kuti zizioneka ngati zenizeni, ubweya uliwonse ukuoneka, ngati wajambula ku Liwonde kapena ku Majete. Mawu a Mufasa ndi a mdala yemwe uja, James Earl Jones. Scar ndi Chiwetel Ejiofor, yemwe chaka chomwecho anatulutsa filimu ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Zonse zili m'malo mwake. Koma fikani pamene Mufasa wagwa, kamwana kake kakumugwedeza kuti adzuke. Mu katuni kankhope ka Simba kamakwinyika, makutu kugwa, misozi mbwembwembwe, ndipo ngakhale bambo wandevu amayang'ana kumbali. Mu yatsopano mawu akulira koma nkhope ndi ya mkango weniweni, ndipo mkango weniweni sulira ndi nkhope. Umangoona ngati mphaka amene akudikira kuti umuponyere mutu wa usipa. Anawononga ndalama zonsezo kuti achotse chinthu chimene wojambula ndi pensulo anachikwanitsa.

Anzathu a ku Nigeria nawonso analowa m'bizinesi yomweyi. Inu mukukumbuka mmene mafilimu a chi Nigeria anatengera malo, mpaka azimayi amene ankati vidiyo sho ndi ya satana anayamba kutuma ana kukabwereka ma CD. Living in Bondage ya 1992 anaipangira yotsatira yake mu 2019. Nneka the Pretty Serpent ndi Rattlesnake anazipanganso mu 2020, Glamour Girls mu 2022. Koma imene inandikhudza ine ndi ya tianyamata tiwiri tija, Aki ndi Pawpaw, Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme. Mu yakale ija anali ana a m'mudzi osamva, kuba, kunama, kuzunguza bambo awo mutu, ndipo mudzi wake unkafanana ndi kwathu: fumbi, nkhuku pabwalo, mpando wothyoka, mayi akukalipa atamanga chitenje pachifuwa. Chithunzi chinali chosaoneka bwino, mawu nthawi zina ankachedwa, koma tinkaseka mpaka nthiti kuwawa chifukwa ana otere tinali nawo pakhomo, ena tinali ife tomwe. Mu 2021 anabwereranso, anthu ake omwewo, koma tsopano ali mu mzinda wa Lagos, akufunafuna kutchuka pa intaneti. Kamera yabwino, magetsi owala, nyumba zokongola. Ndinaionera mpaka kumapeto, ndinasekako malo awiri kapena atatu. Sindinaibwerezenso, pamene yakale ija ndinaionera mwina kakhumi.

Tsopano wina anena kuti mayi inu mwangokalamba, chimene mukulira ndi ubwana wanu osati filimu. Pali kachilungamo pamenepo, sindikana. Palibe amene angandibwezere benchi lija ndi achimwene anga atakhala pambali. Komanso kubwereza nkhani pakokha si tchimo. The Ten Commandments ya 1956, ya Mose uja wogawa nyanja, imene ambiri timaitenga ngati yoyambirira, inali yobwereza. Mkulu yemweyo, Cecil B. DeMille, anali atapanga ina ya dzina lomwelo mu 1923, yopanda mawu. Nthano za Kalulu agogo anu anakamba mosiyana ndi agogo anga, ndipo palibe anapita kwa mfumu kukadandaula. Ngakhale The Karate Kid ya 2010, ya Jackie Chan ndi mwana wa Will Smith, ndiivomereze, ndi filimu yabwino. Jackie Chan mmenemo saseketsa ngati mwa masiku onse, ndi bambo wosweka mtima, ndipo pamene akulira m'galimoto muja ine ndinalira naye. Kungoti dzina ndi labodza. Nkhani ikuchitikira ku China, mwanayo akuphunzira kung fu, karate mulibemo. Anangosunga dzina la ya 1984 chifukwa ndilo limagulitsa. Ine nditalemba pa katoni kuti mpunga wa kilombero koma m'thumba muli wina, ngakhale utakhala wokoma bwanji, a komiti ya msika andiitana.

Komanso ife Amalawi tisamachite ngati sitipanganso mafilimu a eni. Timapanga tsiku lililonse. Anyamata aja omasulira mafilimu m'Chichewa, mukuganiza kuti amachita chiyani? Amatenga filimu ya ku China kapena ya ku India, n'kuwapatsa anthu ake mayina akwathu, mzinda wa eni n'kukhala Ndirande kapena Mchesi, ekita akamadya n'kumati akudya nsima ya kondowole. Pakati pa nkhondo n'kulengezanso shopu yawo. Nthawi zina zimene akunena ndi zimene zikuchitika n'zosiyana kutalitali. Za malamulo a umwini ndisalowemo, imeneyo ndi nkhani ya a COSOMA. Chimene ndikufuna muone n'choti anthu sakwiya nazo, amazikonda, mpaka ana ena safuna n'komwe filimu yosamasulira. Bwanji? Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti womasulirayo umachita kumumva kuti filimuyo akuikonda. Amakuwa pamene ife tikanakuwa, amaseka pamene ife tikanaseka, ekita akamenyedwa amadandaula ngati ndi m'bale wake. Ali pa benchi limodzi ndi ife. Ndipo sachotsa Tong Po n'kuikapo wina.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi ichi, ndipo apa ndikupempha mumvetsere. Kunja kuja, akapanga yatsopano, yakale imakhalapobe. Munthu wa ku London akakwiya ndi Lion King ya 2019, amangodina batani n'kuonera ya 1994. Mkwiyo wake umathera pomwepo. Kwathu kuno sizili choncho. Matepi aja anachita nkhungu kalekale, madeki anafa. Ma CD anakalika, ena ana anaseweretsa, ena tinakoloweka m'minda kuopsezera mbalame. Chatsala ndi kompyuta ya mnyamata wobena pa msika, ndipo kompyutayo ili ndi malire. Ikadzaza amafufuta, ndipo amayamba kufufuta zimene sizikuyenda malonda. Mnyamatayo anabadwa mwina 2003. Akaona mafilimu awiri a dzina limodzi, ina yowala bwino, ina yooneka ngati yajambulidwa kuseri kwa utsi, mukuganiza asunga iti? Sindikumunena, akuchita zimene wamalonda aliyense angachite. Koma mapeto ake, pa msika wonse, Kickboxer imatsala imodzi, ya Batista. Yatsopano sikhala pambali pa yakale, imakhala pamwamba pake.

Mudzati pitani pa intaneti. Inu a m'tauni mumanena zimenezi mosavuta. Bandulo yoti ukokere filimu yathunthu ndi ndalama ya ndiwo za masiku angapo, netiweki yake yochita kukwera pachulu, ndipo zambiri zakalezo zili m'malo ofuna kulipira ndi khadi la kubanki mwezi ndi mwezi.

Msuweni wanga wina wa cha ku Nkhulambe anali ndi vidiyo sho kwa zaka zambiri. Bizinesi itatha chifukwa cha mafoni, anasunga ma CD ake m'katoni, mazana angapo, ena atawalemba mayina ndi dzanja lake. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri zinatenga nyumba ndi zonse zinali mkati. Iye anapulumuka ndi banja lake, ndipo kumene kuja anthu anataya miyoyo, ndiye palibe amene angaime pagulu n'kumalira ma CD. Sanawatchule n'komwe mpaka patapita chaka. Tsiku lina tikucheza anangoti, "Achemwali, mukudziwa kuti Snake in the Eagle's Shadow ndinali nayo yoyera bwino?" Kenako anasintha nkhani.

Mwana wanga wamkulu ali Fomu 1. Ndikamuuza za Tong Po amandiyankha kuti amamudziwa, ndi Batista. Ndikati ayi, panali wina, amandiyang'ana ngati mmene ine ndinkawayang'anira agogo akamakamba za Napolo wakale. Kwa iye imene anaiona poyamba ndiyo yeniyeni, ndipo sindingamutsutse popanda umboni. Zimawawa pang'ono, chifukwa zinthu zimene makolo a m'badwo wathu tingapatsire ana n'zochepa kale. Minda yachepa, chilankhulo cha Chilomwe ambiri tinachitaya, nthano za pamoto zinapita ndi agogo. Tinatsala ndi timafilimu timeneti, ta eni ake, koma tinatisandutsa tathu.

Nanga zathu zenizeni? Izeki ndi Jakobo onse anatisiya, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Ndani wa ife ali ndi masewero awo athunthu, osati tizidutswa ta mphindi ziwiri toyenda pa WhatsApp? Tikuferanji ya masiku oyambirira, Manganya asanalowe ndale, ilipo pa foni ya ndani? Mafilimu a Shemu Joyah, Seasons of a Life kapena The Last Fishing Boat, ine ndawafunsapo m'misika ingapo imene ndimayendamo ndi katundu wanga, anyamata ake amangondiyang'ana. Tsiku lina, ndipo silili kutali, anyamata awiri aluso adzatenga kamera yabwino n'kudzitcha Izeki ndi Jakobo atsopano. Mwina adzaseketsa ndithu, ndipo ndidzawaombera m'manja. Koma ngati akalewo adzakhale atasowa, ana athu adzayesa kuti amenewo ndiwo, ndipo ife tidzangokhala ngati nkhalamba zolongolola zopanda pogwira.

Ndiye inu amene muli ndi katoni ya ma CD pansi pa bedi, kapena amalume anu anali ndi vidiyo sho ku Jenda, ku Mponela, ku Ntaja kaya ku Nchalo, musafulumire kutaya. Pukutani fumbi, pitani nawo kwa mnyamata wa kompyuta awakopere, mumulipire pang'ono kuti asafufute. Polemba dzina alembenso chaka, chifukwa masiku ano dzina lokha silikwanira.

Opanga mafilimu aku America sawerenga Chichewa, ndikudziwa, ndipo ngakhale akanawerenga sakanasintha chifukwa cha mayi wa kaunjika wa ku Phalombe. Apitiriza basi. Pempho langa kwa iwo ndi limodzi lokha: Commando ya 1985 aisiye mmene ilili. Arnold akutsika m'phiri, chimtengo chathunthu paphewa, kamwana kake kakumuzembera kumbuyo, iye n'kukaonera pa nkhwangwa. Ekita wa masiku ano adzanyamula mtengo wa pa kompyuta, ndipo ife amene timasenza nkhuni tidzaona pa kayendedwe kake kuti sukulemera.